Mapointi a ndeke ndi lonjezo cabe

Mu 1981, kampani ya American Airlines inayamba kupatsa okwera ndeke mapointi oti adzagulire tikiti mtsogolo. Koma mapointi amakhala ndi mphamvu ngati kampaniyo ikali moyo. Ansett ya ku Australia itagwa mu 2001, anthu anataya mapointi awo. Nafenso tinaona Zambia Airways ikutsekedwa mu 1994, ndipo dzinalo linabweranso mu 2021.

Conco ife a ku Shimabala, tikamakonza ulendo wakunja, tisasunge mapointi zaka zambiri. Tigulire tikiti mwamsanga. Za viza, misonkho ya pa tikiti, malo ogona, cakudya ndi basi ya ku Lusaka tisungire ndalama zenizeni, cifukwa woyenda yekha alibe m'bale womukongoza kunja.