Khasu lisanayambe kubwera pa sitima

Funsani mwana wa sukulu kwa Likoswe kuti khasu limachokera kuti, akuyankhani mosajejema kuti limachokera kusitolo ku Limbe. Mukamufunsanso kuti nanga sitolo zisanabwere makolo ake ankalimira chiyani, ayamba kukanda m'mutu. Mwanayo tisamudzudzule. Ngakhale ife akuluakulu tinameza bodza loti nzeru zinafika kuno pa sitima ya pamadzi, zitavala nsapato ndi chipewa.

Nthaka yathu ikutsutsa bodzali. M'boma lomwe lino la Chiradzulu, pa phiri la Mikolongwe, pali Mwalawolemba, pomwe anthu akale anasiya zojambula zawo pathanthwe. P.A. Cole-King wa ku nthambi ya boma yoona zinthu zakale analemba za malowa mu 1968. Utoto umene tipaka pakhoma lero umasuluka mvula ikagwa kawiri katatu, koma wawowo wapirira mibadwo yosawerengeka. Komabe luso lomwe linasintha moyo kuno zedi linali lina, lotulutsa chitsulo m'miyala.

Akatswiri ofukula zakale, monga Keith Robinson amene anakumba ku Nkope m'boma la Mangochi, anapeza kuti anthu a dziko lino ankadziwa kale chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Tangoganizani! Nthawi imeneyo mzungu anali asanalote n'komwe kuti kuno kuli nyanja.

Nanga ankatani amisiriwo? Poyamba ankayenera kudziwa mwala umene uli ndi chitsulo pakati pa miyala yonse ya m'phiri ndi m'dambo. Kenaka ankawotcha makala a mitengo yolimba, n'kuumba ng'anjo ndi dothi losasweka pamoto, kawirikawiri la pachulu. M'munsi mwake ankalowetsamo mipope yadothi yodutsira mpweya. M'katimo ankasanja makala ndi miyala yoswaiswa, makala ndi miyala, mpaka kudzaza. Ena ankapemerera moto ndi mivukuto ya zikopa za mbuzi. Ku Kasungu kudakali ng'anjo zazitali kuposa munthu zomwe zinkakoka mpweya zokha popanda mvukuto, ndipo David Killick anazifufuza m'zaka za m'ma 1980.

Chodabwitsa chili apa. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, pomwe ng'anjo zoterezi zinkafika cha m'ma 1,200. Choncho chitsulocho sichinkasanduka madzi ayi. Chomwe chinkachitika n'chakuti mpweya wochokera m'makala unkalanda mwala uja zomwe zinagwirana ndi chitsulo, zinyalala n'kusungunuka kutsikira pansi, pakati n'kutsala chibuma cha chitsulo. Mpweya ukachuluka, chitsulo chinkapserera. Ukachepa, ntchito ya masiku ambiri inkangopita pachabe. Mmisiri analibe chida choyezera kutentha. Ankayeza ndi maso poona mtundu wa lawi, ndiponso ndi khutu pomva kulira kwa moto. Chibumacho ankapita nacho kuchipala, n'kuchisasantha mpaka kutuluka khasu, nkhwangwa, kasemasema, mpeni kapena muvi. Abale, ngati imeneyi si sayansi, sayansi n'chiyani?

Ng'anjo ankaimanga kutali ndi mudzi, ndipo amisiri ankadika masiku onse a ntchitoyo. Ena amaseka miyambo imeneyi n'kumati ndi zamizimu chabe. Koma ntchito yofuna kuti munthu achezere usiku wonse maso ali pamoto sifuna chipwirikiti, ndiponso luso lodyetsa banja lonse salionetsa kwa aliyense wodutsa.

Alendo omwe anafika kuno anaziona ndi maso awo. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene ananyamuka ku Tete mu 1831 kupita kwa Kazembe, anafotokoza momwe Amaravi ankayengera chitsulo ndi kusula makasu. David Livingstone, atadutsa m'mapiri ano mu 1859 pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa, anapeza Amang'anja akusula zitsulo, akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Thonjelo linali la mitundu yake, lina lotchedwa kaja, lina manga. Nsalu za machila ndi makasu zinkagulitsidwa mpaka ku Zambezi, ndipo khasu linkayenda m'manja mwa anthu ngati ndalama. Nawo Ayao amakumbukira kuti malonda awo a maulendo ataliatali anayamba ndi Achisi, omwe anali osula makasu.

Tsono zinatha bwanji? Sizinathe chifukwa choti makolo anali mbuli. Pamene Bishopu Charles Mackenzie ankakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, dera lino linali kale pamoto wa nkhondo zogwira akapolo. Mu 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala yoopsa yomwe inapululutsa midzi. Luso limene limakhala m'mutu ndi m'manja mwa munthu limafera limodzi ndi mwini wake. Mmisiri akagwidwa ukapolo kapena kufa ndi njala asanaphunzitse mphwake, ndiye kuti buku lonse lapsa. Pambuyo pake kunabwera makasu ndi nsalu za m'mafakitale a ku Ulaya, zotsika mtengo. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, msonkho ndi thangata zinatengera amuna ku minda ya azungu. Ndani akanataya masabata pang'anjo pomwe msonkho ukumudikira? Ku Kasungu, komwe ng'anjo zinalimbikira, nazo zinazima cha m'ma 1930.

Pali ena amati tsobola wakale sawawa, zakale zilekeni zigone. Inde, palibe akunena kuti tibwerere kukavukuta ng'anjo, poti mitengo ya makalayo tiitenga kuti m'Chiradzulu momwe mapiri ayera chonchi? Nkhani ndi yakuti mwana amene wauzidwa kuti agogo ake sanapangepo kanthu amakula akudikira kuti chilichonse chimubwerere kuchokera kunja, ngakhale singano. Koma amene akudziwa kuti agogo akewo ankatulutsa chitsulo m'mwala saopa kuyesa. Ndipotu magazi aja sanaume. Onani anyamata osula nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku zitsulo za galimoto zakutha, kapena okhoma ndowa ndi mbaula m'misika mwathu. Amenewa ndi adzukulu a amisiri aja, ngakhale timawayang'ana ngati anthu olephera sukulu.

Choncho inu alimi a kwa Likoswe, khasu lanu likafukula mapale okongoletsedwa, timipope tadothi kapena zibuma zakuda zolemera zokhala ndi timabowo, musaziponye kumalire ngati zinyalala. Mwina mwalima pa ng'anjo ya makolo. Auzeni amfumu, ndipo uthenga ukafike ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Nanunso aphunzitsi, tsiku lina atengeni anawo mupite nawo ku Mikolongwe akadzionere okha. Makolo athu sanatisiyire mabuku, anatisiyira zimenezi, ndipo zikatayika palibe amene adzatilemberenso.