Mlandu Suwola: Pangano la Bulozi ndi Anthu Amene Analilipira ndi Ndende

Kuno ku Libuyu, m'kalasi imodzi mumamveka Chitonga, Chilozi, Chinyanja ndi Chibemba. Tsiku lina ndikuphunzitsa za ufulu wa 1964, mtsikana wina wa kwawo ku Senanga anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati pangano linalipodi, bwanji anthu amamangidwa akalitchula?" Belu linalira ndisanayankhe bwino. Yankho lake likufuna kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Pa 18 Meyi 1964, mumzinda wa London, anthu atatu anasaina chikalata chotchedwa Barotseland Agreement: Kenneth Kaunda, yemwe anali nduna yaikulu ya Northern Rhodesia, Litunga Mwanawina Lewanika III, ndi Duncan Sandys m'malo mwa boma la Britain. Bulozi linavomera kukhala mbali ya dziko limodzi la Zambia. Boma nalo linavomera kuti Litunga ndi bwalo lake apitirize kuyang'anira malo, nkhalango, usodzi, ulenje ndi makhoti a miyambo. Kwa anthu a m'chigwa cha Zambezi, amene moyo wawo umayendera madzi osefukira, msipu wa ng'ombe ndi nsomba, izi zinali nkhani za chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Panganolo silinakhalitse. Malamulo a 1965 okhudza mafumu ndi makhonsolo anayamba kulidya m'mbali. Mu 1969, pambuyo pa voti ya referendamu imene inafewetsa njira yosinthira malamulo aakulu a dziko, Nyumba ya Malamulo inalithetsa, ndipo chigawocho chinapatsidwa dzina loti Western Province. Mu 1970 malo a kumeneko anaikidwa m'manja mwa pulezidenti. Boma linkati dziko latsopano silingakhale ndi ufumu wina m'kati mwake, ndipo mantha amenewo anali ndi chifukwa, poti kufupi kuno Katanga anali atayesa kale kupatuka ku Congo. Koma mbali ina imene inasaina nawo sinaitanidwe kudzakambirana. Ndiponso kuyambira Julayi 1964 mpaka 1991 dziko linali pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi, olola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Ambiri anaphunzira kukhala chete.

Kukhala chete sikunatanthauze kuiwala. Pa 14 Januwale 2011, mu ulamuliro wa Rupiah Banda, magulu monga Linyungandambo anafuna kuchita msonkhano ku Limulunga wokambirana za panganolo. Apolisi anaukaniza. Ku Mongu kunabuka chipwirikiti, kunalira mfuti, ndipo boma linavomera kuti anthu awiri anafa. Anthu oposa 100 anamangidwa, ena natengedwa kutali ndi kwawo, ku Mumbwa ndi ku Lusaka, ena pa mlandu woukira boma. Wailesi ya Radio Lyambai inatsekedwa. Michael Sata atapambana chisankho chaka chomwecho anamasula ena mwa omangidwawo n'kukhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi loya Rodger Chongwe. Bungwelo linalangiza kuti pangano libwezeretsedwe, koma Sata anakana.

Apa mitima inauma. Mu Malichi 2012, msonkhano waukulu wa Barotse National Council ku Limulunga unagamula kuti popeza pangano linafa, Bulozi liyambe ulendo wodziimira palokha. Mu 2013 anthu ambiri anamangidwanso, kuphatikizapo Clement Sinyinda, amene anakhalapo Ngambela, nduna yaikulu ya Litunga. Mu Disembala 2014 anagwidwa Afumba Mombotwa, Likando Pelekelo ndi Inambao Kalima. Khoti lalikulu ku Kabwe linawalamula zaka 10 mu Malichi 2016, ndipo atachita apilo, khoti la Supreme linawonjezera kufika zaka 15 mu 2018. Mombotwa anatuluka mu Novembala 2019 atakhululukidwa ndi Edgar Lungu.

Kuti tione kumene njira yotere imafikitsa asilikali akalowererapo, tiyeni titsate msewu wa Nakatindi, uja wochoka kuno ku Livingstone kupita ku Sesheke. Kutsidya kwa mtsinje kuli Katima Mulilo, m'dziko la Namibia, kumene anthu amalankhulanso Chilozi ndipo ambiri ali ndi abale mbali ino. Pa 2 Ogasiti 1999, gulu la Caprivi Liberation Army, lotsatira Mishake Muyongo, linaukira kampu ya asilikali ku Mpacha, polisi ndi nyumba ya wailesi. Anthu anafa mbali zonse ziwiri, ndipo oukirawo anali ndi mlandu woyankha. Koma Pulezidenti Sam Nujoma atalengeza malamulo a nthawi ya ngozi, asilikali ndi apolisi anasesa anthu mazana, olakwa ndi osalakwa omwe. Geoffrey Mwilima, amene anakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo, anamenyedwa mpaka kuthyoka nsagwada. Bungwe la Amnesty International linalemba za kuzunzidwa kwa omangidwawo. Ena anagwidwira ku Zambia kuno ndi ku Botswana n'kuperekedwa m'manja mwa Namibia. Chigamulo chinabwera mu 2015, patatha zaka 16. Oposa 20 anali atafera m'ndende asanachimve, ndipo ambiri mwa otsalawo anapezeka opanda mlandu, ana awo atakula kale popanda iwo.

Zambia sinafike pamenepo, ndipo tiyenera kuyamikira. Omenyera nkhani ya Bulozi, kwakukulukulu, zida zawo zakhala zikalata, misonkhano ndi mbendera. Nawonso Alozi sagwirizana onse: ena akufuna pangano libwerere m'kati mwa Zambia mmodzi, ena akufuna kupatuka, ndipo pakati pa Ankoya ndi Ambunda a m'chigawo chomwecho alipo amene safuna kuti tsogolo lawo ligamulidwe ku Limulunga. Ndiye chifukwa chake nkhaniyi ikufuna bwalo lalikulu, loti aliyense alankhulepo. Chitolokosi sichisiyanitsa wopempha kukambirana ndi wonyamula mfuti, ndipo chikameza wopempha kukambirana, otsala kunja amasiya kukhulupirira kuti pakamwa pangathandize.

Maboma asintha kangapo kuchokera mu 1969, koma aliyense wolowa ku State House amalipeza funsoli likumudikira. Akuluakulu anati mlandu suwola. Mtsikana wa ku Senanga uja ndinamuuza mawa lake kuti pangano linalipodi, linasainidwa ndi anthu atatu, ndipo linathetsedwa ndi mbali imodzi. Ndinamuuzanso kuti kufunsa za ilo si kuukira boma. Analemba zonsezo m'kope lake, kenako anafunsa ngati zidzabwera pa mayeso.