Sidney Poitier, wotsuka mbale amene anasanduka ngwazi ya mafilimu

Loweruka lina ndinapita ku Soweto kukagula matimati ndi kapenta wa pa msonkhano wathu wa acinyamata. Pafupi ndi pokwerera mabasi, pa tebulo la mnyamata wogulitsa ma DVD akale, ndinapeza filimu yamakedzana yochedwa Lilies of the Field. Wogulitsayo anandicotsera mtengo, ati yakhalitsa popanda woifunsa. Dzina limene linali pa cikuto, Sidney Poitier, ndinali nditalimvapo kwa agogo anga aamuna okha.

Agogo amasimba za masiku a baisikopo, Zambia isanalandire ufulu. Anthu akuda anali kuonera mafilimu pabwalo usiku, makamaka ku migodi ya ku Copperbelt, ndipo boma la atsamunda linali kuyamba ladula zigawo zimene linaganiza kuti munthu wakuda sayenera kuona. Ngwazi nthawi zonse inali kaboyi wacizungu, amene anthu anali kungomucha Jack, kaya dzina lake lenileni ndani. Munthu wakuda akaonekera m'filimu anali wonyamula katundu, wophika, kapena citsiru coseketsa anthu. Masiku omwewo muno mu Lusaka makolo athu anali kugulira nyama pa kawindo, osaloledwa kulowa m'sitolo.

Poitier anabadwa pa 20 February 1927 mu mzinda wa Miami ku America, miyezi yake isanakwane. Makolo ake, a Reginald ndi a Evelyn, anali alimi a matimati a pa cisumbu ca Cat Island ku Bahamas, ndipo ku Miami anangopita kukagulitsa mbewu zao. Mwanayo anakulira pa cisumbupo, kopanda magetsi. Filimu yoyamba anakaionera ku Nassau, kumene banja linasamukira iye ali ndi zaka 10. Sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 15 anamutumiza kwa mkulu wake ku Miami, ndipo atakanika kupirira tsankho la kumeneko anapitirira ku New York, kumene anapeza nchito yotsuka mbale m'nyumba zodyera.

Tsiku lina anaona m'nyuzipepala kuti gulu la masewero la American Negro Theatre likufuna anthu. Atafika anamupatsa pepala kuti awerenge. Anayamba kudodoma pa liu lililonse, kalankhulidwe kake nako kali ka kucisumbu. Mkulu wa gululo, Frederick O'Neal, anamuturutsa kunja namuuza kuti akafune nchito yotsuka mbale. Cimene cinamulasa mtima mnyamatayo n'cakuti sanauze munthu aliyense kuti imeneyo ndiyo inali nchito yake. Kodi zinali kuoneka pamphumi?

Anagula kawailesi nayamba kutsanzira olengeza nkhani kwa miyezi yambiri. Ku nchito kwake kunali mkulu wina Myuda, woperekera zakudya, amene anamuona akulimbana ndi nyuzipepala. Mkuluyo anayamba kukhala naye usiku uliwonse akaweruka, namuphunzitsa kachulidwe ka mau, tanthauzo lao, ndi pamene munthu ayenera kupumira powerenga. Poitier anakamba za mkulu ameneyu mpaka mu ukalamba wake, akudandaula kuti sanamupezenso kuti amuthokoze. Atabwerera ku gulu lija anapempha kuti azisesa m'nyumbamo m'malo molipira maphunziro, ndipo anamulola.

Filimu yake yoyamba yaikulu inali No Way Out ya mu 1950, mmene anali dokotala wociritsa mzungu wodana ndi anthu akuda. Itangotha imeneyi anabwera kuno kum'mwera kwa Africa kudzajambula Cry, the Beloved Country, yocokera m'buku la Alan Paton, imene inaturuka mu 1951. Anali mbusa wacinyamata, Msimangu, wothandiza mbusa wokalamba kufunafuna mwana wake m'makomboni a Johannesburg. Apartheid inali itangokhazikika mu 1948. Kuti iye ndi mnzake Canada Lee aloledwe kulowa m'dzikolo, analembedwa monga anchito a Zoltan Korda, mwini filimuyo, ndipo sanaloledwe kugona m'mahotela a azungu. Makomboni a mzinda womwewo ndiwo anadzachedwa Soweto, dzina limene msika wathu unabwereka.

Kuchuka sikunabwere ndi ndalama msanga. Ca m'ma 1954, mkazi wake ali ndi pakati pa mwana waciwiri, anamuitana kuti akacite nao filimu yochedwa The Phenix City Story. Anafuna kuti akhale wosesa amene zigawenga zimupherá mwana wamkazi ndi kutaya mtembo pabwalo, iye osacitapo kanthu. Malipiro anali madola 750, pamene cipatala cinali kufuna madola 75 amene iye analibe. Anakana. Anati atate ake, ngakhale anali amphawi, sakanakhala cete mwana wao ataphedwa, ndipo sanafune kucita sewero limene likanawacititsa manyazi. Ndalama ya kucipatala anakakongola, pinyolo yake ili mipando ya m'nyumba. Ine ndikawerenga mbiri yake ndimaima pamenepa kuposa pa mphotho zake zonse, cifukwa panthawiyo panalibe womuombera m'manja, ndipo analibe citsimikizo cakuti adzamuitananso.

Anamuitananso. The Defiant Ones ya mu 1958, mmene iye ndi Tony Curtis ndi akaidi othawa omangidwa unyolo umodzi, inamufikitsa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Oscar. Mphothoyo anaitenga mu April 1964, caka ca ufulu wathu, cifukwa ca filimu ija ndinagula ku Soweto. Anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar ya mwamuna wotsogolera filimu.

Nkhani yake njosavuta. Homer Smith, mmisiri wa mpingo wa Baptist, aima pa munda wina ku Arizona kupempha madzi a galimoto yake. Apeza masisitere asanu othawa ku East Germany, ndipo mkulu wao atsimikiza kuti Mulungu ndiye wamutumiza kudzawamangira chalichi. Homer afuna malipiro ake. Atsegula Baibulo pa Luka 10, mai uja nayankha ndi Mateyu 6, za maluwa akuthengo. Amene anagwirapo nchito ya pa mpingo n'kulipidwa ndi "Mulungu akudalitseni" adzaseka pamenepa.

Mu 1967 anaturutsa mafilimu atatu amene anagulidwa koposa: To Sir, with Love, Guess Who's Coming to Dinner, ndi In the Heat of the Night. M'filimu yotsirizayi ndi wapolisi wofufuza mlandu ku Mississippi. Mzungu wolemera amuomba mbama, iye nabwezera pomwepo. Oonera ambiri anali asanaonepo zotere. Ife a mu mpingo tiri ndi ciphunzitso ca kutembenuza tsaya lina, ndipo sindifuna kucipeputsa. Koma anthu amene anakondwera ndi mbama ija anali atatembenuza tsaya kwa zaka mazana, mokakamizidwa, ndipo kukakamizidwa si kukhululuka.

Caka comweco ena mwa anthu akuda anzake anayamba kumudzudzula. Anati iye amangokhala munthu wangwiro wa suti ndi tayi, wopanda cilema, wopangidwa kuti azungu asaope. Mfundoyi ili ndi coonadi cake. Koma pokhala yekha pamwamba paja, ciliconse cimene anacita cinawerengedwa pa mtundu wonse, ndiye anasankha kusamala. Pambuyo pake anayamba kutsogolera yekha kujambula mafilimu, kuyambira ndi Buck and the Preacher mu 1972. M'moyo weniweni sanali wangwiro. Ukwati wake woyamba unatha mu 1965 atakhala zaka zambiri pa cibwenzi ndi woimba Diahann Carroll, ndipo iye mwini sanabise zimenezi m'mabuku ake. Anakulira mu mpingo wa Katolika koma atakula anautalikira.

Mu February 1990 Nelson Mandela atangomasulidwa anafika mu Lusaka, kumene kunali likulu la ANC, nalandiridwa ndi a Kenneth Kaunda. Patapita zaka Poitier anabwerera ku South Africa kukakhala Mandela m'filimu ya Mandela and de Klerk, imene inaturuka mu 1997, m'dziko lomwe analowamo kale monga wanchito wa mzungu. Anamwalira pa 6 January 2022 ali ndi zaka 94.

DVD ija tinaionera mu holo ya chalichi Sondo masana. Poyamba ena anadandaula kuti ilibe mitundu ndiponso mulibe ndeu. Pamene Homer ananyamuka mwakacetecete usiku, masisitere ali mkati moimba, mnyamata wina amene amakankha wilibala ku Soweto anafunsa mokweza ngati munthuyo analandira ndalama yake. Titamuuza kuti sanalandire, anapukusa mutu, napempha kuti abwereke DVD-yo akaonetse amai ake.