Mbiri ya Luso Lolemba Ndalama Kawiri pa Malonda

Njira yosunga kaundula wa malonda polemba ndalama iliyonse malo awiri, yomwe lero ndi maziko a ntchito yowerengera chuma, inakhwimira m'mizinda ya kumpoto ndi pakati pa Italy, monga Genoa, Florence ndi Venice, m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400. Chimene chinaibala ndi kukula kwa malonda enieniwo, pakuti munthu amene anali ndi katundu m'zombo zapanyanja, anzake osonkherana nawo mpamba, ndiponso antchito m'mizinda yakutali sakanathanso kusunga zonse m'mutu. Mabuku a boma la mzinda wa Genoa a chaka cha 1340 ndi ena mwa akale kwambiri amene akuonetsa njirayi itakhazikika kale.

Woyamba kuifotokoza m'buku losindikizidwa anali Luca Pacioli, mbale wa chipani cha Fransisko Woyera komanso mphunzitsi wa masamu, amene buku lake lotchedwa Summa de arithmetica linatuluka ku Venice mu 1494. Iye sanaiyambitse, koma analongosola zimene amalonda a mumzindawo ankachita kale. Malinga ndi malangizo ake, wamalonda ankayamba ndi kulemba mndandanda wa zonse zimene ali nazo ndi ngongole zake, kenako n'kusunga mabuku atatu. M'buku loyamba, lotchedwa memoriale, ankalembamo chilichonse chogulidwa kapena chogulitsidwa nthawi yomweyo, ndipo ngakhale wantchito ankatha kulembamo ngati mwini wake wachokapo. M'lachiwiri, giornale, zomwezo zinkalembedwanso mwadongosolo, mitengo yonse itasinthidwa kukhala ya ndalama ya mtundu umodzi, popeza mizinda yambiri inali ndi ndalama zakezake. Lachitatu, quaderno, linali kaundula wamkulu, momwe munthu aliyense ndi mtundu uliwonse wa katundu zinali ndi tsamba lake.

Mphamvu ya njirayi inali m'buku lachitatuli. Wamalonda akatenga mitolo ya nsalu pangongole ya ndalama 50, mtengowo unkalembedwa kumanzere pa tsamba la nsalu, kusonyeza chimene chalowa, n'kulembedwanso kumanja pa tsamba la wogulitsayo, kusonyeza amene ayenera kulipidwa. Chifukwa chakuti ndalama iliyonse inkaoneka mbali zonse ziwiri, kuwonkhetsa zonse za kumanzere kunayenera kufanana ndi kuwonkhetsa zonse za kumanja, ndipo zikasiyana ngakhale pang'ono, mwini malonda ankadziwa kuti penapake mlembi waphonya kapena pali chobisika. Koposa apo, ankatha kuona katundu amene akubweretsa phindu ndi amene akungodya mpamba.

Banki ya banja la Medici, imene Giovanni di Bicci de' Medici anakhazikitsa ku Florence mu 1397, ikusonyeza bwino mmene lusoli linkagwirizanirana ndi utsogoleri. Bankiyi inatsegula nthambi ku Rome, Venice, Geneva, Bruges ndi London, ndipo woyang'anira nthambi ankalowetsamo gawo la mpamba wake n'kumalandira gawo la phindu, kuti asamale ndalamazo monga zakezake. Chaka chilichonse ankatseka mabuku n'kutumiza chiwerengero ku likulu, kumene akuluakulu ankafufuza ngongole imodziimodzi kuti aone zokayikitsa kubwezedwa. Motero munthu wokhala ku Florence ankatha kudzudzula wantchito amene anali kutali, pa mtunda wa ulendo wa milungu ingapo.

Cosimo de' Medici, mwana wa Giovanni, atamwalira mu 1464, kafukufukuyu anayamba kuzirala. Mdzukulu wa Cosimo, Lorenzo, anaika mtima pa ndale, ndipo Francesco Sassetti, amene anali mkulu woyendetsa banki, anawalekerera oyang'anira nthambi. Nthambi ya ku London inamira chifukwa cha ngongole za Mfumu Edward IV ndi nduna zake, pamene Tommaso Portinari, woyang'anira nthambi ya ku Bruges, anakongoza ndalama zambiri Charles the Bold, wolamulira Burgundy, amene anafera kunkhondo mu 1477 asanabweze. Alembi anali kulembabe monga kale, koma kulikulu kunalibe wowerenga mabukuwo ndi mtima wofuna kuletsa cholakwika. Banja la Medici litathamangitsidwa ku Florence mu 1494, chaka chomwe buku la Pacioli linasindikizidwa, bankiyo inatsekedwa ili yofooka kale.