Nyerere zinayamba kuyeza shuga makina kulibe



Matenda a shuga sanabwere ndi Fanta ayi. Ku India, zaka zoposa 1,500 zapitazo, asing'anga a Ayurveda anali atawalemba kale m'mabuku a Charaka ndi Sushruta. Ankawatchula madhumeha, kutanthauza mkodzo wa uchi, poti nyerere zinkaunjikana pamene wodwala wakodza.

Sushruta anaona kuti odwalawo ali pawiri: ena oonda, obadwa nawo matendawo, ena onenepa, okonda zotsekemera ndi kungokhala. Onenepawo ankawauza kuti azidya barele ndi zowawa, aziyenda mtunda wautali, ngakhale kukumba zitsime. Mpaka lero madokotala amanenabe zomwezo: samalani mbale, tulutsani thukuta.

Koma ana amene thupi lawo silipanga insulin, chakudya chokha sichinkawapulumutsa. Ankangoonda mpaka kufa. Zinasintha mu 1922 ku Toronto, pamene mnyamata Leonard Thompson anabayidwa insulin n'kutsitsimuka.

Ndiye wina akabwera padoko ndi kabotolo, amvekere "zaku India izi, siyani zakuchipatala," mufunseni za ana aja. Amayi kunyumba azidya mosamala, aziyenda, koma mankhwala asasiye.