"Born in the U.S.A.": nyimbo yomwe ambiri amavina osamva mau ake

"Born in the U.S.A." ndi nyimbo ya rock ya Bruce Springsteen, woyimba wa ku New Jersey, ndipo inatuluka mu June 1984 pa chimbale cha dzina lomweli. Amene muli ku Amerika munaimvapo ndithu, makamaka pa 4 July makombola akamaphulika, anthu akukupiza mbendera. Mukangomva kolasi yokha mungati ndi nyimbo yotamanda dziko. Koma tamverani mavesi ake.

Wolankhula m'nyimbomo si Springsteen ayi. Ndi mnyamata wobadwira m'tauni yosauka amene anapalamula mlandu kwawo, ndiye m'malo mwa ndende anampatsa mfuti n'kumutumiza kunkhondo ya ku Vietnam. Atabwerako anakafunsa ntchito kufakitale yoyenga mafuta, anamukana. Ku ofesi yoona za asilikali akale nakonso sanaphuleko kanthu. M'bale wake anatsala kunkhondo ya ku Khe Sanh, chomwe chilipo ndi chithunzi chake ali ndi mkazi amene ankamukonda ku Saigon. Papita zaka 10, munthuyu alibe kolowera. Nkhani yonse ndi imeneyi basi, ndipo palibe pomwe wolembayo akutiuza kuti nkhondo njoipa. Akungotchula malo, chinthu, munthu, zina zonse n'kutisiyira ife.

Springsteen sanapite ku Vietnam, analephera mayeso a zaumoyo a usilikali. Koma mnzake Bart Haynes, woyimba ng'oma mu bandi yawo yoyamba ya The Castiles, anafera komweko mu 1967. Anawerenganso buku la Ron Kovic, msilikali amene anabwerako wolumala, ndipo mu 1981 anachita konsati ku Los Angeles yothandiza bungwe la Vietnam Veterans of America. Dzina la nyimboyi analitenga pa filimu yomwe Paul Schrader analemba n'kumutumizira.

Nanga chisokonezo chinachokera kuti? Ku kamvekedwe. Poyamba, mu 1982, anaijambula yekha ndi gitala nthawi yomwe ankakonza chimbale cha "Nebraska", ndipo inali yomvetsa chisoni. Ataipanga ndi gulu lake la E Street Band inasinthiratu: ng'oma za Max Weinberg zikugunda ngati mizinga, kiyibodi ya Roy Bittan ikulira ngati malipenga a perete. Mavesi amamira m'phokoso, kolasi n'kuyandama pamwamba. Kuwonjezera apo, pachikuto pa chimbale pali mbendera ya Amerika.

Mu September 1984 mtolankhani George Will analemba zoyamikira Springsteen ngati munthu wonyadira dziko lake. Pa 19 mwezi womwewo Pulezidenti Ronald Reagan, ali pa kampeni ku Hammonton, New Jersey, anamutchula ngati woyimba wopatsa achinyamata chiyembekezo. Patangopita masiku ochepa, pa konsati ku Pittsburgh, Springsteen anafunsa moseka kuti kodi bwanayo amamvera chimbale chiti, n'kuyimba "Johnny 99", ya munthu wochotsedwa ntchito kufakitale ya magalimoto amene anatha n'kupha munthu.

Otsutsa ena amati wolakwa ndi mwini wake, eti ukaveka maliro zovala za ukwati usadabwe anthu akamalulutira. Mfundoyi ili ndi mutu, koma ine ndikuona kuti mphamvu ya nyimboyi ili pomwepo. Kolasi ndi mau omwewomwewo, koma vesi iliyonse ikatha tanthauzo lake limasuntha. Poyamba akungonena komwe anabadwira. Pofika kumapeto akukuwa ngati munthu amene akuitanitsa ngongole: ndine mbadwa ya pano, nanga changa chili kuti? Kunyada ndi mkwiyo zili pakamwa pamodzi, ndipo mukachotsa chimodzi nyimbo yafa.

Yakale ija ya gitala yokha inadzatuluka mu 1998 pa "Tracks". M'makonsati ake a ku Broadway a 2017 ndi 2018, Springsteen ankayamba wafotokoza za anzake amene sanabwerere ku Vietnam, kenako n'kuiyimba yekha mwa blues, popanda ng'oma.