Mabwinja a pa Phiri la Mangochi

Mzinda wa ku Mexico

Ku Mexico kuli mabwinja a mzinda wotchedwa Teotihuacan. Cha m'ma 500 munkakhala anthu pafupifupi 100,000, ndipo mapiramidi ake adakalipo. Lalikulu kwambiri ndi lotalika mamita oposa 60. Koma anthu a mtundu wa Aaziteki, amene anabwera pambuyo pake, anaupeza mzindawu uli kale bwinja, ndipo dzina limene timautchulali anaupatsa ndi iwowo. Asipanya atafika mu 1519, panalibenso wokumbukira dzina limene eni ake ankautcha. Miyala yokha siisunga mbiri ngati palibe woifotokoza.

Linga la kwathu

Ifenso ku Namwera tili ndi mabwinja. Pa phiri la Mangochi pali zipupa za linga la Angerezi, Fort Mangochi. Wofika lero angaganize kuti mbiri ya malowa inayamba ndi azungu, chifukwa zawo ndizo zikuoneka. Sizili choncho ayi. Phirili linali likulu la mfumu ya Ayao, Jalasi, amene mabuku a azungu amamulemba kuti Zarafi. Mu 1892 asilikali a boma la Angerezi lotsogoleredwa ndi Harry Johnston anabwera kudzamuthira nkhondo, koma anagonja n'kuthawa, kusiya mzinga wawo. Anabweranso mu 1895, ndipo ulendo uno Jalasi anathawira ku Mozambique. Angerezi anamanga linga pamalo amene Jalasi anali atasankha kale, poona kuti ndi povuta kukwera kwa adani. Nyumba za anthu ake zinali za mitengo, dothi ndi udzu, n'chifukwa chake zinatha msanga.

Tisungirenji?

Ena amati lingali ndi la atsamunda, lingogwa basi. Koma likagwa, ana athu tidzawalozera pati ponena za nkhondo ya 1892? Enanso amati Jalasi ankachita malonda a akapolo, choncho si woyenera kumukumbukira. N'zoona ankagulitsa anthu, ndipo zimenezi tisazibise. Komatu kukumbukira si kutamanda. Tikaiwala iyeyo, tiiwalanso anthu amene anamangidwa magoli kupita nawo kunyanja ya mchere.

Ife tili ndi mwayi umene a ku Teotihuacan analibe. Ufumu wa Jalasi ulipobe, Chiyao chikulankhulidwa, ndipo nkhalamba zimene zinamva nkhaniyi kwa agogo awo zidakali moyo. Inu amene mwaphunzira kulemba, pitani kwa akuluakuluwa mukawafunse, ndipo zimene akuuzeni mukazilembe mu kope lanu.